Poto wa Alamu Amaluma

"Wandilumanso," ndinatero chala chili m'kamwa.

"Poto alibe mano, mayi a Kagwira."

"Bwerani mumugwire."

"Ndamugwira m'mawa, sanandichite kanthu."

"M'mawa munali mu nsapato za kuntchito, manja ali ouma. Vulani nsapatozo, mutsuke mbale, kenako mumugwire tione."

Amuna anga sanavule. Anangoima pakhomo la khitchini ndi yunifomu ya kukampani ya buledi kumene amayendetsa galimoto, akununkha dizilo, n'kumayang'ana poto wamagetsi wophikira mpunga ngati akudikira kuti adziyankhire yekha mlandu. Potoyo anali phee patebulo pafupi ndi sinki, woyera mbee, maluwa ofiira m'mbali, kanyali kake kakuyaka. Kumuona simungati angalume munthu.

"Vuto lako, Alonda, ndi mantha," anatero.

Alonda ndi dzina limene anandipatsa chifukwa ndine munthu wobwerera panjira kukaona ngati ndakhoma chitseko chimene ndakhoma kale. Ndimawerenga tsiku lothera mphamvu ngakhale pa paketi ya mchere.

"Firiji ikalira umati iphulika. Tsiku lija unati mwana wameza batani, tinathamanga mpaka kuchipatala, batani lili m'thumba mwako."

"Linali lofanana nalo."

"Linali lomwelo."

Zoona, linali lomwelo. Nesi uja mpaka lero akandiona amandifunsa za mabatani.

"Koma uyu si batani," ndinatero. "Ndinakuuzani poto woti tigule."

"Sukulu yayamba," anatero akukhala pa ndowa. "Phunzitsani, aphunzitsi."

Ndinaphunzitsadi. Nanga ndinali nditayendera chiyani mashopu onse a m'tauni, mwana ali kumsana, kuvundukula mapoto, kuwagogoda, kuwatembenuza, mpaka ogulitsa anayamba kumandisiya ndekha podziwa kuti mayi uyu amangofunsa, sagula?

"Mapoto amenewa ali mitundumitundu. Alipo wamba, wa batani limodzi. Ukadina amaphika, mpunga ukapsa batani limadumpha lokha, iye n'kumangofunditsa. Alipo wa kasefa pamwamba kophikira masamba ndi nthunzi. Alipo wa mabatani ambiri ndi kawotchi, woti umuuze nthawi yoyambira. Alipo wina wotseka zolimba, wophika ndi mpweya wopanikizika, amene amafewetsa nyemba msanga koma safuna munthu woiwala. Ine ndinati tigule wamba. Wapakatikati, wokwanira ife ndi alendo ochepa. Mphika wake wam'kati ukhale wochindikala, wosapindika ukaufinya ndi zala. Chivundikiro chikhale chomata, choti mwana sangachikoke. Ndipo ndinanenetsa kuti pulagi ikhale ya mano atatu, chifukwa dzino lachitatulo ndi limene limatenga magetsi osochera kupita nawo pansi m'malo modutsa mwa munthu."

"Mwamaliza?"

"Inu mwabwera ndi chipoto ngati cha kusukulu yogonera komweko, mabatani olembedwa chilankhulo chimene tonse sitichidziwa, pulagi ya mano awiri yoti tiziyamba tatokosa soketi ndi kamtengo ka machesi."

"Ndabwera ndi poto wa m'shopu ya achimwene anga. Umafuna ndidutse pakhomo pawo, ndikagule kwa mlendo, iwo akundiona? Anandisankhira okha. Munthu wamkulu uja anakwera makwerero yekha kukamutsitsa pamwamba. Anati uyu ndi wa mabwana, mkazi wako akasangalala. Ndipo tsiku limenelo iwe unati chiyani pa foni?"

Ndinati zikomo kwambiri alamu, Mulungu akudalitseni. Ndinawonjezera ndekha, popanda wondifunsa, kuti maluwa ake ndi okongola.

"Chikomekome cha mkuyu," ndinatero chapansipansi, "m'kati muli nyerere."

"Chibale ndi fupa, sichiola. Laisensi imene tikudyera m'nyumba muno anandipezera ndani? Ntchito anandilankhulira ndani? Lero ndikaime pamaso pawo n'kunena kuti achimwene, munatigulitsa chinthu chakupha?"

"Ndiye tidikire chiphe?"

"Sichipha. Chimangotsina. Uzipukuta m'manja."

Kagwira analowa nthawi yomweyo, akuyenda ngati woledzera, manja ali m'mwamba. Anali atangoyamba kumene kuyenda, ndipo dzina lakelo analipeza chifukwa chimene maso ake aona, dzanja lafika kale. Anadutsa pakati pa miyendo ya bambo ake n'kulunjika kumene kunali kanyali kofiira. Ndinamunyamula ndisanaganize n'komwe.

"Mwaona kumene amapita?"

"Tebulo ndi lalitali, safikira."

"Mwezi wathawu sankafikira pampando. Lero amakwera."

"Alonda, pakula tidye."

Ndinapakula. Chondipweteka n'chakuti mpungawo unali wabwino, woyoyoka, wosapserera ngakhale pansi. Amuna anga anawonjezera akundiyang'ana, ngati kuti mpunga ndi mboni yawo.

Kumusiya potoyo sikukanatheka. Timakhala m'nyumba zosanja, ife pamwamba, ndipo eni nyumba analetsa mbaula kuyambira pamene makala a anzathu ena anadetsa khonde. Chitofu chathu chamagetsi chinali chitapsa, n'chifukwa chake tinkafuna poto poyamba pomwe. Tsono mpunga, nyemba, phala la mwana, ngakhale madzi a tiyi, zonse zinkadutsa mwa iye.

Ndiye ndinachita zimene munthu wopita kusukulu amachita akaopa kulankhula: ndinakonza ndondomeko. Ndinatenga majombo amphira a amuna anga, aja amatsukira galimoto, n'kuwaika pakhomo la khitchini. Ndikafuna kuphika, ndibereke Kagwira, ndilowe m'majombo, ndipukute manja, ndilowetse pulagi pakhoma pali pozimitsa, ndiyatse ndi chipande chamtengo, kenako ndibwerere chafutambuyo ngati ndikutsanzika kwa bwana wolusa. Povundukula ndizimitse kaye pakhoma. Koma tsiku limene mwana akulira, foni ikulira, nyemba zikusefukira, munthu umaiwala chimodzi, ndipo potoyo sankaiwala. Shoko yake imayambira m'chala, n'kukwera mpaka m'chigongono, mano n'kuchita dzanzi.

Sayansi ndinakhoza bwino kusekondale. Aphunzitsi athu akanandiona ndikuyatsa poto ndi chipande, ndili m'majombo ofika m'mawondo, sindikudziwa ngati akananyadira kapena akanalira.

Apongozi anandipeza choncho tsiku lina masana, akuchokera kuchipatala kukatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Anaima pakhomo, kuyang'ana majombo, kuyang'ana ine.

"Kodi mwapeza dimba pamwamba pano?"

"Ayi amayi, ndikuphika."

"Kuphika kwa masiku ano kukufuna majombo?"

Ndinawafotokozera zonse, mpaka za dzino lachitatu. Anamvetsera akusendera mdzukulu wawo nthochi. Nditatchula kumene potoyo anachokera, anasiya kusenda.

"Ndi wa kwa mkulu wake?"

"Eya amayi."

"Mwauzapo ndani?"

"Bambo a Kagwira okha."

"Zithere pomwepo. Mwana wanga, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala, uswa mkhate. Shopu imene ija ndi imene imandigulira mankhwala akasowa kuchipatala. Ndi imene ikuphunzitsa ana amene anasiya malemu mwana wanga wamkazi. Mukamukwiyitsa munthu uja, mwazimitsa moto wa nyumba zingapo."

"Sindikufuna kuwakwiyitsa. Ndimati mwina inu, monga mayi wawo, mutawauza mwakachetechete."

"Ine? Ndinam'bereka ndine, koma masiku ano ndikafuna kumulankhula ndimayamba ndamuyang'ana nkhope. Nanga inu obwera? Adzati mkazi wa mng'ono wabwera ndi sukulu yake kudzadanitsa abale. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza."

"Nanga mwanayu akadzamugwira?"

"Msana Mulungu anakupatsirani chiyani? Muzimubereka."

Mpaka liti, amayi? Mpaka amere ndevu? Funso limeneli ndinalifunsa mwamphamvu ndithu, koma mumtima. Pakamwa panatuluka kuti, "Chabwino amayi. Ndikuthirireni tiyi?"

Anamwa tiyi wa madzi a m'poto yemweyo. Potuluka anayang'ananso kumapazi kwanga.

"Koma akukukhalani," anatero.

Ndinamubereka mwanayo monga anandiuzira. Ndinaphika naye, kuchapa naye, kukolopa naye, mpaka msana unayamba kulira ngati chitseko chakale. Iye naye sankafuna. Munthu wangozindikira kumene kuti miyendo imayenda, umumangirire kumsana tsiku lonse? Ankandikoka tsitsi, kundimenya zidendene m'nthiti, ndipo tikalowa m'khitchini ankasuzumira paphewa panga n'kumakayitana kanyali kaja ndi zala.

M'mawa wina ndinadzuka msanga kuposa masiku onse. Ndinamva madzi akuwira m'khitchini. Nditasuzumira, ndinapeza amuna anga ali ndi kabudula wogonera, majombo kumapazi, chipande m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Kagwira?"

Anatembenuka ngati mwana wopezeka ndi supuni m'chitini cha mkaka.

"Ndimangoona ngati sanabooke."

"Ndi chipandecho?"

"Chinali panjira."

"Si paja chimangotsina?"

"Alonda, ndichedwa kuntchito."

Ndinaseka mpaka misozi, koma atatuluka kuseka kunatha. Ndinaona kuti m'nyumba muno tonse tikudziwa, ndipo tonse tasankha majombo.

Sabata yotsatira ndinamutsitsa Kagwira kuti ndimusinthe thewera. Ndinangotembenuka kukataya lakudalo. Pobwerera ndinamupeza atakwera pa ndowa yovundikira, zala zili m'mphepete mwa tebulo, poto akubwata pamwamba pake. Ndinamukwatula mwamphamvu mpaka analira. Tsiku lomwelo ndinavala diresi yanga yabwino, ndinabereka Kagwira, n'kukwera basi ya kutauni.

M'basi ndinakonza mawu. Alamu, ndabwera mwaulemu. Alamu, si kuti sitikuyamika. Alamu, mwina amene anakugulitsani katunduyu ndi amene anakupusitsani. Ndinawabwereza mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati ndikupemphera.

Shopu ya alamu ndi yopapatiza, makatoni mpaka kudenga: maayironi, maketulo, mafani, mawailesi awiri akulira nyimbo zosiyana. Eni ake anali pampando wautali pakhomo, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Akazi awo, amene ine ndimawatchula kuti achemwali, anali kuseri kwa kauntala akumanga katundu. Ndi munthu wosalankhulalankhula.

"Alamu anga a sukulu," anatero alamu. "Mulungu ndi amene wakutumani. Bwerani kuno."

Pa kauntala panali mayi wamsinkhu wanga, khanda kumsana, mapoto awiri patsogolo pake. Wina anali wamba, wapakatikati, wa pulagi ya mano atatu, yemwe uja ndinkamulota. Winayo anali mapasa ndi wanga, maluwa ofiira ndi zonse.

"Mayi awa akukayika. Akufuna kakang'onoka. Ndikuwauza kuti aka ndi ka munthu wosakwatira, wopanda alendo. Wa banja ndi uyu. Alamu angawa ali naye kunyumba, ndipo si munthu wamba, anamaliza sekondale, sagula chinthu asanachiwerenge. Tawauzani alamu, amaphika bwanji?"

Mayi uja ananditembenukira. Maso ake ndinawadziwa, ndimawaona pagalasi: maso a munthu wofuna wina amuuze zoona. Alamu anali kumwetulira, makiyi akuzungulirabe. Mawu onse a m'basi aja anatsika pa siteji ina.

"Amaphika bwino," ndinatero.

"Sapsereza?" anafunsa mayiyo.

"Sapsereza."

Sindinaname. Ndi zimene ndinkadziuza pamene mayi uja amatuluka, katoni pamutu, khanda kumsana, akundithokoza. Achemwali anandiyang'ana kamodzi n'kubwezera maso pa chingwe chimene amamanga.

"Tsono mwatiyendera ndi yotani?" anafunsa alamu.

"Ndimangodutsa, alamu."

"Mwachita bwino. Lamulungu tikubwera kwanu, tidzalawe mpunga wa poto wanga."

Anamupatsa Kagwira switi. Ndinathokozanso.

Madzulo amuna anga analowa akumwetulira.

"Achimwene andiimbira. Akuti wawagulitsira poto. Akuti uli ndi mutu wa bizinesi."

"Musandiseke."

"Sindikuseka. Si iwe umandiona ngati wamantha? Wafika pamaso pawo, mawu apita kuti?"

"Mayi uja ali ndi khanda, bambo a Kagwira."

Kumwetulira kunachoka. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono.

"Mwina wakeyo ndi wabwino. Sangakhale onse."

"Pulagi ndi yomweyo. Katoni ndi yomweyo."

"Sungalondere dziko lonse, Alonda. Lamulungu lidutse kaye, kenako ndiona chochita. Mwina ndingapeze munthu woti amukonze osawauza."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Miyambi uli nayo kunyumba kuno. Kushopu unaiiwala m'basi?"

Ndinapita kukavala majombo.

Lamulungu ndinadzuka ndi tsache. Ndinaphika mpunga, nkhuku ndi masamba, chimodzichimodzi m'poto yemweyo, mpunga pomaliza. Ndinakolopa pabalaza, majombo ndinawabisa pansi pa bedi. Nditatuluka kuchipinda ndinapeza amuna anga atanyamula poto, akumuika pa katebulo kapakati, kaja kofika m'mawondo.

"Ayi. Akhale kukhitchini, ndipakulira m'mbale."

"Munthu akubwera kudzaona poto wake, iwe umubisire?"

"Ndiye musamulumikize."

"Mpunga uzizira. Komanso akafuna kuonetsa amayi mabatani, tidzati chiyani? N'kanthawi kochepa. Kagwira ukhala naye iwe."

Ndinavomera. Pamanda anga musadzavutike ndi mawu ambiri, mudzangolemba kuti anavomera.

Anafika atatu: alamu, achemwali ndi apongozi. Alamu anavula nsapato pakhomo, ndi masokosi omwe, ati kunja kwatentha, n'kuponda simenti yanga imene inali isanaumitsitse. Anakhala pampando waukulu moyang'anana ndi poto, n'kumugwedezera mutu ngati mwana wawo amene wakhoza mayeso.

"Mwamuona amayi? Awa ndi mapoto a m'mahotela. Ndinati mng'ono wanga asadye ngati wosauka ine ndilipo."

"Ndi wokongola," anatero apongozi.

Kusambitsa alendo m'manja kumafuna manja awiri, lina beseni lina jagi. Ndinamuika Kagwira pamiyendo pa agogo ake n'kuwapempha kuti amugwire zolimba. Ndinayamba ndi alamu. Nditawapatsa kansalu kopukutira anakakankha.

"Lekani ndivundukule ndekha, ndikuonetseni mmene amatsekulira eni ake."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Koma dzanja lawo lonyowa linali litafika kale pa mkombero wachitsulo.

Dzanjalo linadumpha lokha. Phewa linagwedezeka, chivundikiro chinagwa pansi n'kugubuduka mpaka kuseri kwa mpando. Tonse tinaona. Panalibe amene sanaone.

"Watentha," anatero alamu akupukuta dzanja pa thalauza. "Ndi mmene amakhalira mapoto amphamvu."

"Eya, amasunga kutentha," anatero amuna anga akuyang'ana khoma.

"Ndi nthunzi imeneyo," anatero apongozi.

Ine ndinamva lilime langa likukonzeka kunena kuti eya. Kuti ndisanene, ndinaika beseni pansi n'kupita kuseri kwa mpando kukatola chivundikiro.

Pamene ndimaweramuka, Kagwira sanalinso pamiyendo pa agogo ake. Anali ataviika kale manja onse m'beseni, madzi akuyenderera m'mikono, mapazi ali pa simenti, akupita kwa kanyali kake. Katebulo kanali pa msinkhu wake ndendende. Pakati pa ine ndi iye panali mpando ndi miyendo ya anthu.

"Mwanayo! Asagwire!"

Amene anakuwa anali alamu. Anamukankha pachifuwa ndi mkono wonse, mwana n'kugwa chokhala, n'kuyamba kulira mokweza.

Sindikukumbuka mmene ndinadumphira mpando. Ndinamutola, ndinayang'ana zala zake chimodzichimodzi, ndinamumva mtima. Anali bwino, kunali kudzidzimuka chabe. Ndinamupereka kwa achemwali. Ndinazimitsa pakhoma, ndinazula pulagi. Kenako ndinalowa kuchipinda n'kutenga sizasi yanga yodulira nsalu.

Ndikanakonda kunena kuti ndinadula kamodzi n'kamodzi, mutu uli m'mwamba. Sizinatero. Chingwe chinali cholimba kunja, sizasi inangochitafuna. Ndinachita kugwada, kugwira ndi manja awiri, kumachekacheka pafupi ndi thupi la poto penipeni kuti pasatsale polumikiza, anthu anayi akundiyang'ana, ine ndikungoti pepani, pepani, pepani. Chitaduka, m'kati munaoneka timawaya tiwiri toonda ngati ulusi wosokera.

"Ichi n'chiyani?" anatero alamu. Sanafunse ine. "Mng'ono wanga, ukuona zimene akuchita mkazi wako? Katundu wa m'shopu yanga, pamaso panga?"

"Pepani alamu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu, koma anatuluka. "Mwati watentha. Mwana akagwira chotentha amalira n'kusiya. Inu simunakuwe ngati munthu woopa chotentha."

"Mukundiyesa wabodza?"

"Ayi alamu. Wabodza ndine. Ndinauza mayi wa khanda uja kuti amaphika bwino."

"Mwana wanga, khalani pansi," anatero apongozi. "Izi n'zokambirana bwinobwino. Mpunga ukuzizira."

"Ayi amayi, musiyeni amalize," anatero alamu. "Sukulu ilankhule. Ine ndikudikira mwamuna wa m'nyumba muno. Ndinakunyamula ine iwe. Lero ndabwera kudzadya kwako, mkazi wako akunditengera sizasi, iwe uli duu?"

Amuna anga anali akuyang'ana Kagwira, amene anali kusisima pachifuwa cha achemwali, manja ake akadali onyowa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Polankhula sanakweze mawu, ndipo sanayang'ane mkulu wawo kumaso.

"Achimwene, munadziwa liti?"

"Chiyani?"

"Kuti amamenya shoko. Mwadziwa lero, kapena munkadziwa kale pamene mumatipatsa?"

"Ukundifunsa ine zimenezo?"

"Ndikufunsa, achimwene. Mwanayu ndi wanu yemwe."

Alamu anaimirira n'kuyamba kufunafuna nsapato. Anazivala popanda masokosi, masokosiwo anawakwinyira m'thumba.

"Ndaona malipiro a kulera," anatero ali pakhomo. "Tiyeni. Amayi, ngati mukufuna galimoto, ikunyamuka."

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, akugwira bondo. Podutsa pafupi nane sanandiyang'ane.

"Mwauswa," anatero, n'kutsika masitepe.

Amuna anga anawatsatira kukawathandiza kutsika. Mpunga unali mbee m'poto wosavundikira, wosakhudzidwa. Ndinatsala ndi achemwali. Anamupukuta Kagwira misozi ndi manja omwe, chala chimodzichimodzi, n'kundipatsa.

"Pepani achemwali," ndinayamba. "Sindinafune kuti zifike apa. Ine ndi mantha anga."

"Mayi wa khanda uja ndimamudziwa," anatero. "Amasoka kuseri kwa shopu. Mawa m'mawa ndimuuza."

Pansi hutala ya galimoto inalira. Achemwali anatola chikwama chawo, koma sanatuluke. Anali kuyang'ana dzanja langa. Ndinali nditaiwala kuti sizasi ndikadali nayo.

"Ndi yakuthwa bwino?"

"Imavuta poyamba. Muyenera kugwira ndi manja awiri."

Hutala inaliranso, motalika. Achemwali anatsegula chikwama n'kuchitambasulira kwa ine.

"Ndibwerekeni," anatero. "Kwathu kuli ayironi ndi ketulo."